Ndowa yosefera madzi yomwe ndinagulira amayi kumudzi, mmene yayendera

Amene muli ndi makolo kumudzi ndipo mukuganiza zowagulira ndowa zosefera madzi zija, khalani pansi ndikuuzeni mmene yathu yayendera, chifukwa ine ndinagula imodzi mu Epulo 2023 ndipo mpaka pano ikugwirabe ntchito, koma osati momwe bambo wa pa shopu anandiuzira ayi. Iwo anati mungothira madzi pamwamba, pansi muzimwa, basi nkhani yatha. Nkhani siinathe.

Amayi anga amakhala kwa Kunthembwe, ukadutsa Chileka umapitabe mkati ndithu, minibasi imakusiya ndiye kwinako ndi kabaza wa njinga yamoto, nthawi ya mvula umafika matope mpaka m'makutu. Amakhala ndi adzukulu atatu, ana a achemwali anga, kuphatikiza malume omwe nyumba yawo ili pafupi koma kudya amadya pomwepo. Mjigo ulipo m'mudzimo, inde, koma uli patali ndithu, ndipo ukawonongeka komiti imayamba kutolera ndalama khomo ndi khomo, wina alibe, wina akuti ndinapereka kale mwezi watha, mpaka sabata zitatu zimatha mekaniki asanabwere. Masiku amenewo aliyense amatsikira kumtsinje, kukumba kadzenje mu mchenga nkumadikira madzi adzadze, kutunga ndi chikho. Ng'ombe ndi mbuzi zimamwera chapomwepo, kumtunda kwake anthu akuchapa matewera. Chilimwe madziwo amaoneka oyera bwinobwino moti munthu ungakanire kuti alibe vuto, koma dzinja amakhala ngati thobwa losungunula.

Chomwe chinandidzidzimutsa ndi kolera ija. Mukukumbuka inayamba mu Malichi 2022 ndipo siinafune kutha, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyo, pomwe inkatha anthu oposa 1,700 anali atamwalira dziko lonse. Tisanapume nkomwe Freddy uyo mu Malichi 2023. Ife mtauni maso athu anali ku Chilobwe ndi m'phiri la Soche, koma kumudzi nako zimbudzi zinagwa zambiri, madzi osefukira anakokolola zonse kupita kumtsinje komwe anthu amatunga. Sabata yomweyo kamdzukulu kakang'ono kanatsegula m'mimba usiku wonse, amayi kundiimbira 4 koloko m'mawa mawu akunjenjemera, mwamwayi siinali kolera, kuchipatala anangopereka Thanzi ORS ndi zinki mwana nkuchira, koma ine mtima sunakhalenso m'malo.

Ndiye ndinapita ku Limbe kukafunafuna. Shopu siitchula dzina, ndi imodzi mwa ma hadiweya aja ogulitsa chilichonse kuyambira misomali mpaka mapoto. Chinthucho ndi ndowa ziwiri za pulasitiki zosanjikiza, yapamwamba ili ndi chibowo pansi pomwe umamangapo chomwe amati kandulo, ngakhale sichiyaka moto kkkk, ndi chinthu choyera chowumbidwa ndi dothi lowotcha, kutalika ngati chisononkho chachikulu, kumunsi kwake kuli kampaipi ka pulasitiki, timalabala tiwiri ndi nati. Ndowa yapansi ili ndi kampopi. Madzi amalowa m'timabowo ta kanduloyo tomwe ndi tating'ono zedi osaoneka ndi maso, matope ndi tizilombo tambiri toyambitsa matenda otsegula m'mimba timatsalira kunja, oyera nkumadonthera pansi. Palibe magetsi, palibe batire. Mtengo wake nthawi imeneyo unali ngati matumba awiri a makala abwinoabwino, ndinadandaula pang'ono koma ndinagula.

Tsiku lofika nayo kumudzi linali la sewero. Ndinaimanga pakhonde anthu atazungulira ngati ndabweretsa kanema, malume atakhala pa mpando wawo wa ndalema akungopukusa mutu. Ndinathira madzi a kumtsinje aja dala, ofiira, kuti onse aone. Kudikira. Palibe chikutuluka. Mphindi khumi, palibe. Malume akuti "mphwanga, akubera ndalama ku Limbeko." Kenako dontho limodzi, lina, lina, to to to, ngati denga lodontha. Madzi oyamba umayenera kutaya chifukwa amakhala ndi kafungo ka dothi, ndiye tinataya, anthu nkumandiyang'ana ngati wopenga kuti madzi tadikira maola onsewa ukutayanso. Kutacha m'mawa ndi pamene ndinatsegula kampopi nkudzaza tambula yagalasi, kuiika padzuwa pafupi ndi ina ya madzi osasefa. Abale, kusiyana kwake. Amayi anaitenga, kuiyang'anitsitsa, kununkhiza, kumwa pang'ono nkukhala chete, kenako akuti "iii koma ndi omwewa a kumtsinjewa?" Malume anamwa matambula awiri osanena kanthu.

Pa nkhani yoyeretsa madzi ovunduka ndiye sindinganame, ndowayi ndi katswiri. Ndipo chomwe amayi anaikondera kwambiri nchoti siisintha kakomedwe ka madzi. Apa mpofunika ndifotokoze, chifukwa tisanagule ndowayi tinayesapo njira zina zonse ndipo zinkakanika pa nkhani yomweyi ya pakamwa. Kuwiritsa kumapha tizilombo tonse, madzi akangobwadamuka bwinobwino kwa mphindi imodzi basi, koma nkhuni kwathu kuja ndi za mavuto, mitengo inatha ndi makala omwe ife a mtauni timaphikira, ndiye munthu wayenda mtunda kukatola nkhuni ungamuuze kuti awiritsire madzi akumwa a anthu asanu tsiku ndi tsiku? Komanso amanunkha utsi, ndipo mwana akabwera kosewera ali ndi ludzu sangadikire kuti azizire, amangotunga ena aliwonse. Klorini naye alangizi a zaumoyo amagawa nthawi ya mliri, amasungunula wa ufa uja nkumathira m'timabotolo khomo lililonse, ndipo amagwira ntchito zedi, koma amayi ankati madzi akununkha kuchipatala, tiyi sakukoma, ndiye kabotolo kankangokhala pa zenera mpaka mphamvu kutha. Za mabotolo oyanika padzuwa zija, zoti udzaze botolo loyera la pulasitiki nkuliika pa denga maola 6, kukakhala mitambo masiku awiri, tinayesa sabata imodzi, ana anasandutsa mabotolo magalimoto.

Ndiye ndowa inapambana poti madzi ake amakoma ngati madzi. Koma tsopano imvani mavuto ake.

Loyamba ndi kuchedwa. Kandulo ikakhala yoyera imatulutsa mwina lita imodzi kapena awiri pa ola, ndipo ikayamba kugwira matope imachepera cheperabe. Kwa banja la anthu asanu ndi zokwanira kumwa kokha ngati wina akukumbukira kuthira madzi usiku pogona ndi m'mawa podzuka. Mukaiwala usiku umodzi, m'mawa ndowa yapansi ili gwa, ana akupita kusukulu amwa za mu chigubu. Ndiye musaganize kuti muzisefa ophikira, otsukira mbale, osamba ayi, ndi akumwa basi, mwina ndi otsukira tomato ndi mango.

Lachiwiri linandipweteka mtima chifukwa ndinalizindikira mochedwa. Nditapitanso patatha miyezi iwiri ndinapeza ndowa ili bwinobwino pa kathebulo, yovindikira ndi kansalu koluka ngati wailesi ya kale, amayi akuisamala ngati mwana. Koma ndikuona akutsegula kampopi, kudzaza jagi, nkukathira mu mtsuko wawo wakale uja wa kuseri kwa chitseko. Ndikuti amayi mukutani? Akuti "a mu pulasitiki ndi ofunda mwanawe, a mu mtsuko ndi amene amatsika kukhosi." Zoona zake akunena zoona, madzi a mu mtsuko amazizira ngati a mu fuliji makamaka mu Okutobala. Koma pa mtsukopo pali chikho chimodzi chomwe aliyense amaviika, mwana wachokera kuchimbudzi osasamba m'manja waviika, wamwera pomwepo, wabwezera, nthawi zina chagwa pansi nkhuku zadutsapo wangochitola. Ndiye madzi tasefa usiku wonse aja akukadetsedwanso pa mphindi imodzi. Fyuluta siingakutetezeni pa zimenezi, ntchito yake imathera pa kampopi, kupitirira apo ndi za inu. Tinakangana pang'ono, sindibisa. Mapeto ake tinagwirizana kuti mtsuko ukhale wongosungira madzi osasefa kuti matope akhazikike pansi, ndipo ndowa yapansi tiziikulunga ndi chiguduli chonyowa kuti izizizirako, ndipo aliyense azimwa kuchokera pa kampopi ndi kapu yake. Chiguduli chimathandiza ndithu, osati ngati mtsuko koma bola.

Kukhazikitsa madzi kaye kumeneku ndi nzeru yomwe wogulitsa sanandiuze koma ndi yofunika kwambiri. Mukathira madzi a matope mwachindunji kandulo imatsekeka masiku awiri okha, imachita kuterera ndi ndere zofiirira, madontho nkusiya. Koma mukawasiya usiku mu mtsuko kapena mu ndowa ina, m'mawa nkutsanula apamwamba okha kudzera pa kansalu koyera, kandulo imatha sabata kapena kuposa isanafune kutsukidwa. Mayi wina woyandikana nawo anatiphunzitsanso zosinja njere za cham'mwamba nkuthira mu madzi ovunduka, kutakasa, pakapita kanthawi matope onse amagwirana nkutsika pansi. Ndinaona ndi maso anga, zimatheka, ngakhale sikuti zimapha tizilombo ayi, zimangothandiza kuti fyuluta isavutike.

Tsopano nkhani ya sopo. Katsukidwe ka kandulo nkosavuta, umaimasula, kuikwecha pang'onopang'ono ndi kasiponji kobiriwira kaja ndi madzi oyera mpaka iyerenso, osagwira kampaipi ka kumunsi ndi manja akuda, osathira sopo. Ndinanena zimenezi katatu. Koma amayi anga ndi munthu woti chinthu chosatsukidwa ndi sopo kwa iwo sichinatsukidwe, ndiye tsiku lina anaipaka sopo wa mtanda bwinobwino mpaka thovu, dothi lija linamwa sopo yense, sabata yonse madzi ankakoma ngati mukumwa zochapira. Anandiimbira akuti chinthu chako chija chawonongeka. Nditafunsitsa ndi pamene anaulula, akuseka okha. Pepala la malangizo lomwe linali mu katoni linali la Chingerezi chokhachokha, tizilembo ting'onoting'ono, ndipo apa ndiye ndimadandaula nawo opanga ndi ogulitsa zinthuzi, mukudziwa kuti zikupita kumudzi kwa agogo, chovuta nchiyani kumata kapepala ka Chichewa ndi zithunzi pa ndowa pomwepo? Ine ndinachita kulemba ndekha ndi maka pa chivindikiro kuti OSATHIRA SOPO.

Kuyambira pamenepo ntchito yotsuka tinaipereka kwa mdzukulu wamkulu, kamtsikana ka sitandade 7, ndipo ndikuuzeni ichi ndi chomwe chapangitsa kuti ndowayi ikhalebe ndi moyo mpaka lero. Kamwanaka nkosamala, Loweruka lililonse kamamasula, kutsuka, kumanganso, kuonetsetsa kuti timalabala takhala bwino, chifukwa nati ikapanda kumangika madzi akuda amadutsa m'mbali nkukasakanikirana ndi oyera pansi inu osadziwa. Ndimakatumizira kandalama ka sopo ndi makope mwezi ukatha, timati ndi malipiro a injiniya. Pakhomo popanda munthu mmodzi woti ntchito imeneyi ndi yake, ndowayi miyezi itatu siikwana, muzakaipeza asungiramo ufa kapena nyemba, ndaziona kwa anthu ena m'mudzi momwemo omwe analandira zofanana ndi zimenezi kwaulere nthawi ya Freddy.

Vuto lalikulu kuposa onse linabwera mu Disembala 2023. Kandulo inapulumuka m'manja potsuka nkugwera pa simenti, siinasweke yonse ayi, inangochita kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi. Kamtsikana kanaopa kunena, kanangoimanganso. Ndiye amayi akundiuza pa foni mosangalala kuti masiku ano fyuluta ikuthamanga bwanji, ola limodzi ndowa yadzadza. Ine mtima unangoti phwii. Fyuluta ya mtundu uwu ikayamba kuthamanga musasangalale, ndiye kuti madzi apeza njira yachidule, akudutsa pa mng'alu ndi zonse zomwe ali nazo. Ndinawauza kuti asiye kumwa pompo. Ndipo panali pakati pa dzinja, mjigo utawonongekanso.

Kupeza kandulo ina ndiye inali ntchito. Kumudzi kulibe, pa Chileka ndinafunsa mashopu angapo ankangondionetsa makandulo oyatsa, ku shopu komwe ndinagula kuja akuti zinatha, tikudikira katundu, mukudziwa nkhani ya forex, kapena mugule ndowa ina yonse. Ndinazungulira Limbe tsiku lathunthu Loweruka, kenako mtauni, mpaka ndinaipeza kwina, mtengo utakwera pafupifupi kufanana ndi momwe ndinagulira ndowa yonse, poti kwacha inali itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala. Ndinagula ziwiri ndikulira mumtima. Ndiye ngati mukugula, gulani kandulo yapadera tsiku lomwelo, musamve zoti muzabwerenso, ndipo yang'anani kuti kampaipi kake kakukwana pa chibowo cha ndowa yanu chifukwa si zonse zofanana. Ngakhale isagwe, kandulo imaperepeseka ndi kukwecha kuja, imaonda pang'onopang'ono, ndiye idzafunika kusintha basi.

Sabata ziwiri zomwe tinalibe kandulo ndi zomwe zinawagwirizanitsa amayi ndi klorini. Ndinawatumizira WaterGuard kudzera kwa wakabaza wina wodalirika, kachivindikiro kamodzi mu ndowa ya malita 20, kutakasa, kuvindikira, kudikira mphindi 30. Zinapezeka kuti kale lija ankathira mongoyerekeza, kuchulutsa poganiza kuti ndiye aphe bwino tizilombo, nchifukwa chake fungo linkachita kubaya m'mphuno. Atayamba kuyeza bwino anati aaa si zoipa kwenikweni. Ndipo mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo, bambo wofatsa amene amayenda pa njinga yakapalasa midzi yonse ija, anatiuza chinthu chomwe ndinali ndisanachiganize, kuti fyuluta ya dothi imagwira bwino tizilombo tokulirapo ngati ta kolera ndi ta kamwazi, koma mavairasi ndi ang'ono kwambiri ena amatha kudutsa, pomwe klorini amawapha, komanso klorini amatsalira m'madzi nkumawatetezabe ngakhale wina aviikemo kapu yakuda. Mbali inayi klorini amafooka m'madzi a matope, matopewo amadya mphamvu yake. Ndiye ziwirizi zimathandizana, kusefa kaye kenako klorini. Pano nthawi ya mvula, kapena kukamveka kuti kwinakwake kwabuka kolera, amasefa, kutsanulira mu chigubu cha malita 20 chotsuka bwino chokhala ndi chitsekero, chikadzadza nkuthira kachivindikiro kamodzi. Musathire klorini mu ndowa yapamwamba, makandulo ena mkati mwake muli makala omwe amachotsa klorini yemweyo, mwangotaya mankhwala. Chilimwe mjigo ukamayenda amangosefa basi, ndipo ine sindilimbana nawo.

China choti mudziwe, amene makolo anu ali ku Chikwawa kapena ku Nsanje komwe mijigo ina imatulutsa madzi a mchere, ndowayi mchere siichotsa. Mnzanga wina wakuntchito anamva ine ndikuiyamikira nkukagulira amayi ake poganiza kuti madzi asiya kuwawa, anakhumudwa. Imachotsa matope ndi tizilombo, zosungunuka m'madzi zimadutsa.

Pulasitiki ya ndowazo ndi yabwinoko, siinasweke, koma musaiike padzuwa. Kampopi ndiye kofooka, ana amakapotokola mwamphamvu, koyamba kanathyoka chaka chisanathe, mwamwayi timipopi timeneti timapezeka paliponse chifukwa ndi tomwe tija ta ndowa zosambira m'manja za nthawi ya Covid. Ikani ndowa pamalo okwera, pa thebulo kapena pa njerwa zosanja, kuti kapu izilowa pansi pa kampopi komanso agalu ndi nkhuku zisamanyambite.

Kodi matenda anachepa? Ine si dokotala ndipo sindinalembe mu kope, koma ndikudziwa kuti kale dzinja lililonse ndinkatumiza ndalama ya kabaza wopita kuchipatala kangapo chifukwa cha m'mimba mwa ana, pano mafoni a usiku aja anachepa kwambiri. Sikuti anatheratu, ana amamwabe madzi kusukulu, kwa anzawo, kumaliro, amadya mango osatsuka, ndiye musayembekeze zozizwitsa. Pa nyenyezi zisanu ndingaipatse zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha malangizo a Chingerezi aja ndi kusowa kwa makandulo. Ngati kwanu mjigo uli pafupi ndipo suwonongeka wonongeka, mwina simukufunika ndowayi, chigubu chotseka bwino ndi klorini zikukwanirani ndipo nzotchipa. Koma ngati makolo anu amatsikira kumtsinje kapena pa chitsime chosavindikira ngakhale miyezi iwiri yokha pa chaka, gulani, bola mupite nayo nokha, mukagone masiku awiri, muimange pamodzi ndi amene azidzaitsuka, osangoitumiza pa minibasi.

Ndinali komweko mwezi watha. Malume aja ankati andibera ku Limbe pano amabwera ndi kabotolo kawo m'mawa uliwonse kudzatunga opita nawo kudimba, ndipo amayi akudandaula kuti akuwathera madzi a ana. Akuti ndiwagulire yawo. Ndawauza kuti akagulitsa nandolo tisonkherana, theka iwo theka ine, akuti aganiza kaye. Dzulo kamtsikana kaja kanatumiza uthenga pa foni ya aphunzitsi ake kuti kampopi kayambanso kudontha, pakali pano amangapo kalabala ka chubu cha njinga, ndiye Loweruka ndilowera ku Limbe.